Ndani Anaboola Makutu a Zipporah?

1

"Mwana uyu asadzabooledwe makutu. Mwandimva nonse?"

Apongozi anga ananena mawu amenewa Zipporah ali ndi milungu iwiri yokha. Anali atachokera ku Petauke kudzaona mdzukulu, ndipo kanyumba kathu ka ku Wusakile, mumzinda wa Kitwe, kanadzaza abale ndi azimayi akutchalitchi.

Mwamuna wanga Nehemiah anaseka. "Amama, mwana sanayambe n'kuona komwe, inu muli kale pa nkhani ya ndolo?"

Iwo sanaseke. Anamasula chitambala cha kumutu, chimene ndinali ndisanawaonepo atavula chikwatiwire m'banjamo, n'kutembenuza mutu. Kuseri kwa khutu lamanzere kunalendewera chotupa chakuda, chonyezimira, chachikulu ngati gwafa.

"Ichi chinayamba ndi kaboo ka munga ndili mtsikana," anatero. "Anandidula kawiri. Kawiri konse chinabwerera, chachikulu kuposa kale. Thupi lakwathu likavulala silidziwa polekera. Limapola, n'kupitirira."

Mlamu wanga Jemimah, mlongo wake wa Nehemiah, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anafunsa, "Chimawawa, Amama?"

"Chimayabwa chabe. Chowawa ndi maso a anthu."

Tonse tinati, "Tamva, Amama." Tiyi anabwera, nkhani inasintha. Mayi wina potuluka ananong'oneza mnzake m'Chibemba kuti, "Fya kale ifyo," kutanthauza kuti n'zachikale zimenezo, ndipo anaseka mpaka pageti.

Dzina langa ndine Petronella. Ndinamaliza Giredi 12, ndipo ndine munthu wamantha chibadwire. Madzi akumwa a mwana ndimawiritsa kawiri. Akatsokomola kamodzi ndathamangira kale kukiliniki. Anansi amanditchula kuti "ba nesi". Musaiwale zimenezi pamene mukuwerenga, chifukwa ndi zimene zinachititsa kuti aliyense andikhulupirire.

2

Zipporah ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, msuweni wanga Charlotte, amene amagwira ntchito ya muofesi ku Ndola, anamusankha kukhala mmodzi wa ana owaza maluwa paukwati wake. Tinapita kwawo ku Itawa, mu Ndola momwemo, kukayesa madilesi ndi magule.

Tiatsikana tisanu tinaima pamzera. Tonse tinali ndi tindolo tonyezimira, kupatula wanga. Charlotte anamugwira kuchibwano n'kumutembenuza uku ndi uku.

"Petro, mwana wako ndi wokongola, koma makutu ali mbee ngati a mnyamata. Kutchalitchi kwanu amaletsa? Kapena ndi fashoni ya ku Wusakile?"

Anzake anaseka. Ine ndinasekanso, kuti asaone kuti zandilowa.

"Tingomuika kumbuyo," anatero Charlotte. "Pazithunzi zinthu zizifanana."

M'minibasi yobwerera ku Kitwe Zipporah anakhala pamiyendo panga atagwira makutu ake ndi manja onse awiri, ngati kunja kuli phokoso.

Nthawi imeneyo Jemimah ankakhala nafe. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuphunzira ntchito ya tsitsi pasaluni ina kukomboni ya Kwacha. Anali ndi chikwama chake cha ntchito chimene sankalola munthu kuchigwira. Munali zipeso, ulusi, kamfuti koboolera makutu, ndi khadi lobayidwa tindolo ting'onoting'ono m'mizere. Ankagona bedi limodzi ndi Zipporah. Mwanayo akalota zoopsa ankaitana "Anti Jemi", osati ine.

Kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, Jemimah anamukhazika pakhonde n'kuyamba kumuluka. Ine ndinavala yunifolomu n'kupita ku Chigwirizano, msonkhano wa azimayi kutchalitchi kwathu. Nehemiah anali pashifiti kumgodi.

Atafika madzulo, anapeza mwana wake ali ndi tindolo tiwiri tofiira.

"Eee! Dona ameneyu ndi wa ndani?" Anamunyamula n'kumuzunguza. Za amayi ake sanazikumbuke n'komwe.

Paukwati Zipporah anayenda patsogolo penipeni. Azimayi ankamugwira m'masaya n'kumati, "Jemimah ali ndi dzanja labwino, taonani." Jemimah sanamve, anali kuchipinda akukonza tsitsi la operekeza mkwatibwi. Ine ndinangomwetulira.

3

Patapita miyezi inayi, ndikumusambitsa, chala changa chinakhudza kanthu kolimba kuseri kwa khutu lamanzere. Kanali ngati njere ya mpunga. Madzi anali ofunda, koma ine ndinazizidwa thupi lonse.

Ndinachotsa tindolo tija tsiku lomwelo. Ndinayesa madzi amchere. Ndinayesa adyo, mankhwala otsukira mano, mafuta a nsatsi. M'mawa uliwonse ndinkapinda khutulo n'kuyang'ana, mpaka mwanayo anazolowera kupendeketsa mutu yekha ndikangoyandikira. Njere ya mpunga inasanduka nyemba. Nyemba inasanduka mtedza wosasenda.

Ndinamugulira chipewa choluka n'kumamuveka ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuphwanya malata.

"Mwana aziphika mutu chifukwa chiyani?" anafunsa Nehemiah tsiku lina, n'kumuvula. Anayang'ana nthawi yaitali. "Amake Zipporah, ichi chinayamba liti?"

"Posachedwapa. Kachotupa chabe."

Ndinaona pankhope pake kuti wakumbukira.

Mlungu womwewo Zipporah anabwera kusukulu chipewa chili m'manja, chodzaza fumbi. "Amayi, anzanga akuti ndili ndi makutu atatu."

Nehemiah anaimbira foni ku Petauke. Apongozi anangoti, "Ndikwera basi ya Lachiwiri."

Lolemba madzulo ndinatenga Zipporah kupita naye kubafa, n'kutseka chitseko. Tinakhalamo nthawi yaitali kuposa kusamba kwa mwana. Zimene ndinamuuza m'menemo ndikuuzani, koma osati pano.

4

Apongozi sanavule n'nsapato zomwe. Anaitana mdzukulu wawo, anapinda khutu, n'kukhala pansi pasimenti.

"Ndinanena," anatero motsitsa. Kenaka anakweza mawu. "Ndinavula chitambala pamaso pa anthu, chinthu chimene sindichita! Waboola mwana uyu ndani?"

Maso onse anapita kwa Jemimah.

"Sindine, Amama."

"Nyumba ino ili ndi anthu angati oboola makutu?" anafunsa Nehemiah.

"Alongo, ine ndinangomuluka. Nditamaliza ndinapita kusaluni. Pobwera ndinapeza ali nazo kale."

"Ndiye zinamera zokha? Bweretsa chikwama chako."

Anakhuthula zonse patebulo. Pakhadi la tindolo, pamzera wa tofiira, panali mipata iwiri.

"Mlamu," Jemimah anatembenukira kwa ine. "Mlamu, nenani."

"Ine ndinali ku Chigwirizano," ndinatero. "Aliyense anandiona."

Apongozi anakokera Zipporah pafupi. "Mdzukulu wanga, usaope. Anakuboola ndani?"

Mwanayo anayang'ana zala zake zakumapazi. Anamufunsa katatu. Milomo yake inkagwedezeka koma mawu sanatuluke, misozi yokha.

"Mwaona?" anatero Nehemiah. "Akubisira anti ake."

Apongozi anaimirira n'kumumenya Jemimah mbama. Imodzi yokha, koma inamveka mpaka kwa anansi. "Iwe unalipo tsiku lija. Iwe ndiwe unandifunsa ngati chimawawa!"

Nehemiah anati sangasunge munthu wonama m'nyumba mwake, ndipo sathandizanso za kusaluni. Jemimah anali atatsala ndi miyezi itatu kuti amalize maphunziro. Mawa lake analongedza. Ndine ndinamupezera pokhala: Charlotte ankafuna wantchito wa m'nyumba ku Itawa. Anthu anati ndili ndi mtima wabwino.

Pageti Jemimah anagwada n'kumukumbatira Zipporah. Kenaka anaimirira, n'kundiyang'ana.

"Mlamu, mupite naye kuchipatala," anatero. "Zina zonse zisiyeni. Koma mupite naye."

5

Sindinapite naye. Ine amene ndimathamangira kukiliniki ndi chimfine, ndinapeza zifukwa. Apongozi, amene anatsala nafe, ankaopa mpeni chifukwa cha zimene zinawachitikira. Nehemiah ankati tidikire. Ine ndinkavomereza onse awiri.

Mwana anasintha. Anasiya kuimba posamba. Ndikalowa m'chipinda ankakhala chete n'kumandiyang'anitsitsa, ngati akufuna kudziwa ngati walakwa. Ankagona atakumbatira pilo wa anti ake.

Tsiku lina pampopi mnansi wathu Dolly anandikokera pambali.

"Amake Zipporah, mukuvutikiranji? Tengani ulusi wakuda wolukira tsitsi, mumange patsinde pa chotupacho. Tsiku lililonse muzimangitsa pang'ono. Chiuma chokha n'kugwa ngati mchombo wa khanda. Mwana wa mchemwali wanga anachira choncho."

Ndinkadziwa kuti si nzeru. Kusukulu ndinkakhoza sayansi. Koma ndinaganiza kuti chikagwa, nkhani yonse igwa nacho, Jemimah abwerera, ndipo palibe adzafunsenso. Ndinamanga ulusi, n'kuphimba ndi chipewa.

Tsiku loyamba anati chikuwawa. Lachiwiri sanadye. Lachinayi apongozi anamva fungo, anavula chipewa, n'kukuwa. Khutu lonse linali litatupa, likutuluka mafinya, ulusi utalowa m'nyama. Thupi la mwana linali moto.

"Wamanga ndani?"

"Ndine, Amama."

Chimenecho ndinavomera msanga. Ndikukumbukira kuti ndinamva kupepuka pang'ono, kunena "ndine" ngakhale kamodzi.

Kuchipatala anadula ulusi, anatsuka bala, n'kutipatsa mankhwala akumwa. Nesi anandikalipira pamaso pa anthu m'Chibemba ndi m'Chingelezi momwe. Anati tibwerenso bala likapola, tidzaonane ndi dokotala.

6

Tinabwerera patapita milungu itatu, tonse anayi. Dokotala anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Atamva kuti ndife akum'mawa anasiya Chibemba n'kuyamba Chinyanja.

"Ichi timachitcha keloidi," anatero. "Si matenda opatsirana, si khansa, si ufiti. Ndi chipsera chimene sichinasiye kukula. Chimakonda kuyenda m'magazi a banja."

Apongozi anakhudza chitambala chawo. "Musamudule, adokotala. Ine anandidula kawiri."

"Kudula kokha n'kumene kumachibweza, Amama. Ife tiyamba ndi jekeseni, m'kati mwa chotupacho, kamodzi pamwezi, kuti chifewe ndi kuphwa. Pambuyo pake tidzaona ngati n'kofunika kudula chotsala. Tikadula, jekeseni ipitirira, ndipo azivala kopanira kofinya khutu kwa miyezi yambiri. Ndi ulendo wautali. Sindingalonjeze kuti sichidzabwereranso, koma mwayi ulipo ngati simudumpha tsiku."

Anayatsa tochi n'kuyang'anitsitsa kutsogolo kwa khutu. "Pano pali tizipsera titatu toyandikana. Anaboola ndi chiyani?"

"Kamfuti ka kusaluni," anayankha Nehemiah.

"Hmm." Dokotala anatsegula kabati, n'kutulutsa jekeseni.

Zipporah ataiona anatsika pabedi n'kuthawira kukona. Nehemiah anamunyamula, nesi anagwira mutu. Jekeseni ya m'chipsera imawawa, chifukwa nyama yake ndi yolimba ndipo mankhwala amalowa mokakamiza. Koma mwana wanga anayamba kukuwa singano isanamukhudze n'komwe. Sankayang'ana dokotala. Ankayang'ana ine.

"Amayi, sindinanene! Sindinauze munthu! Auzeni kuti sindinanene, Amayi! Bwanji akundibaya?"

Dokotala anaimitsa dzanja m'mwamba.

"Sunanene chiyani, mwanawe?" anafunsa Nehemiah.

Zipporah anatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Mwamuna wanga anatembenuka pang'onopang'ono. "Petronella." Chibadwire mwana wathu anali asananditchulepo dzina langa.

"Musiyeni mwana," ndinatero. "Ndine."

7

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinawauza pabenchi ya kunja kwa chipindacho.

Ku Chigwirizano ndinapitadi. Ndinakhala kutsogolo kuti andione, ndinaimba nyimbo yoyamba, kenaka ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Ndinkadziwa kuti Jemimah akamaliza kuluka apita kusaluni n'kusiya chikwama, chifukwa masana amenewo kunali kuchapa mawigi chabe. Ndinali nditamupempha kale kuti aboole mwanayo, iye n'kukana. Anati, "Mlamu, mwaiwala khutu la Amama?" M'nyumba monse ndi iye yekha amene anali asanaiwale.

Kamfuti sindinkadziwa kagwiritsidwe kake. Ndinatenga singano yosokera, ndinaiwotcha pambaula, n'kuika kachidutswa ka sopo kuseri kwa khutu, monga ndinkaonera amayi anga akuchitira. Lamanja linatheka kamodzi. Lamanzere mwana anagwedezeka, ndinaphonya. Ndinabayanso. Ndinaphonyanso. Kachitatu m'pamene inatulukira. Zipporah analuma nsalu yanga osalira mokweza, chifukwa ankafuna kuyenda patsogolo paukwati. Tindolo ndinatenga pakhadi la Jemimah. Ndinabwerera kutchalitchi pemphero lotsekera lisanathe.

Jemimah atafika madzulo anayang'ana makutuwo, anayang'ana ine, n'kungoti, "Mulungu atithandize, mlamu." Sanandinenere kwa mlongo wake.

Ndipo kubafa kuja, Lolemba lija, ndinagwada pamaso pa mwana wanga, ndinamugwira mapewa, n'kumuuza kuti: "Ukauza munthu kuti ndine ndinakuboola, adzakutengera kuchipatala n'kukubaya jekeseni yaikulu m'khutu momwemo."

Ndinasankha chinthu chimene ankachiopa kwambiri. Ndine mayi wake, ndinkachidziwa.

Nehemiah anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe. Anaimirira, analowanso kwa dokotala, anamugwira mwana mpaka jekeseni inatha, n'kumubereka kumsana kukakwera minibasi. Ine ndinkayenda kumbuyo.

Apongozi analankhula kamodzi kokha, titafika pageti. "Ndinamenya mwana wanga chifukwa cha iwe. Dzanja ili." Analiyang'ana ngati si lawo.

Anamuimbira Jemimah. Ndinali kukhitchini, koma foni yawo imalankhula mokweza. Analira, anapepesa. Jemimah anamvetsera, kenaka anati, "Ndamva, Amama. Koma ine ndatopa. Kamfuti ndi zipeso ndinapatsa mnzanga. Mawa ndikwera basi ya ziro seveni, 7 koloko m'mawa, ndikupita kumudzi. Ku Kitwe sindibwerako." Nehemiah atatenga foni, anadula. Ine ndinayesa kasanu. Nambala yanga anaitseka kalekale.

Nehemiah anabwera pakhomo la khitchini. Sanandiyang'ane kumaso. "Loweruka kubwera ankhoswe ndi akulu a mpingo. Mpaka tsiku limenelo usatuluke pageti. Ukatuluka, usadzabwerenso."

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka azimayi anzanga, mwina mukuti cholakwa changa chinali singano. N'zoona, ndipo ngati m'banja mwanu kapena mwa amuna anu muli wina amene chipsera chake chimatupa, musaboole mwana, ngakhale ukwati ukhale wa ndani. Mukaona kanjere kuseri kwa khutu, pitani kuchipatala kakadali kakang'ono. Musamange ulusi. Dokotala anati tikanabwera pachiyambi, mwina jekeseni zochepa zikanakwana.

Koma singano inali mphindi zisanu za uchitsiru. Zimene sindingathe kudzikhululukira zinatenga miyezi, ndipo ndinkazichita ndili maso. Ndinaona mtsikana wosalakwa akumenyedwa. Ndinasenzetsa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri katundu wanga, n'kumangirira ndi mantha. Ndinkaopa apongozi, ndinkaopa Nehemiah, ndinkaopa kuti pampopi adzaseka kuti "ba nesi" ndi amene anapundula mwana wawo. Pa mantha onsewo sindinasiye malo oopera chimene chinali kuchitika mumtima mwa Zipporah.

Madzulo ano ndinamusambitsa, kusamala kuti madzi asafike pabandeji. Ndili mkati momusambitsa, anafunsa.

"Amayi, popeza mwanena nokha, sadzandibayanso?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni. Likanamugoneka bwino.

"Adzakubayanso, mwanangu. Mwezi wamawa, ndi winawo. Zidzawawa. Koma si chilango. Ndi mankhwala oti khutu lichire. Ukanati unene kapena usanene, zikanakhala chimodzimodzi. Ndinakunamiza. Iwe sunalakwe chilichonse."

Anaganiza, akuseweretsa thovu. "Ndiye ndikanatha kuwauza ambuya kuti si Anti Jemi?"

"Ukanatha."

Apa m'pamene analira, kulira kumene sanalire ngakhale kwa dokotala. "Ndiye anapita chifukwa cha ine."

Ndinamuuza kuti ayi, kakhumi mwina. Sanandikhulupirire, ndipo alibe chifukwa chondikhulupirira. Pali munthu mmodzi yekha amene angamuuze zimenezo iye n'kumva, ndipo munthuyo akwera basi ya ziro seveni ku Ndola.

Khadi lachipatala ndaliika pansi pa Baibulo la Nehemiah, tsiku la jekeseni yachiwiri ndalizunguliza ndi cholembera chofiira, kuti ngakhale ine ndisakhalepo asadzadumphe. Yunifolomu yasukulu ndasita. Minibasi yoyamba imadutsa pamsewu waukulu cha m'ma ziro faifi, m'bandakucha. Sindikudziwa ngati Jemimah adzalola kundiyang'ana. Ndikagwada pasiteshoni pomwepo, pamaso pa makondakitala ndi ogulitsa nthochi, ndipo sindikamupempha kuti andikhululukire. Ndikamupempha kuti abwere adzagwire dzanja la Zipporah mwezi wamawa.

Geti lathu limalira potsegula. Nehemiah adzalimva. Ndituluka kusanache.